Prado 95 ya 1KZ: ndiyambire pati kuti izitha misewu ya kutchire?

Wakumpoto95

Moni akuluakulu. Galimoto ndi Toyota Land Cruiser Prado KZJ95 ya 1998, ya zitseko zisanu, injini 1KZ-TE, giya ya otomatiki, yayenda makilomita 240,000. Matayala ndi 265/70R16, ndipo za pansi zonse ndi zomwe inabwera nazo kuchokera ku Japan. Ndikufuna izitha ulendo wa ku Nyika, msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia, ndi tinjira ta pa phiri la Zomba, ngakhale m'dzinja. Ntchito za m'tauni izigwirabe. Ena akuti ndiikweze ndi mainchesi anayi n'kuika matayala a mainchesi 33, ena akuti ndiyambe ndi winchi (makina a chingwe odzikokera galimoto ikatitimira). Ndalama zochitira zonse nthawi imodzi palibe. Ndiyambe chiyani, nanga zongodya ndalama ndi ziti?

Sipanala17

Achimwene, zokweza zibadikira kaye. Galimoto imeneyi ili ndi matenda awiri odziwika, ndipo onse amadzuka m'malo omwe mwatchulawo.

Oyamba ndi kutentha. Hedi ya 1KZ ndi ya aluminiyamu, ikangotentha mopitirira imang'aluka. Golodi ndi makilomita pafupifupi 15 okwera okhaokha kuchokera pa Chitimba, makona opindika ngati chigongono okwana ngati 20, inu mukukwawa. Mphepo yolowa kutsogolo imakhala palibe, ntchito yonse yoziziritsa imatsalira fani. Choipitsitsa n'chakuti muvi wa pa dashibodi umangokhala pakatikati ngakhale madzi akutentha ndithu. Ukamadzanyamuka kulowera kofiira, zinthu zimakhala zitaipa kale.

Yang'anani radiyeta. Ngati pulasitiki ya pamwamba yasanduka yabulawuni ndipo ikuoneka timing'alu, isintheni yonse, musamate. Sinthaninso chivindikiro chake, mapaipi onse awiri akuluakulu, ndi thermostat ya madigiri 82 ya Toyota yeniyeni. Alipo amene amachotseratu thermostat ati kuti injini izizizira. Musalole zimenezo: pa injini iyi thermostat ndi imenenso imatseka kanjira kachidule ka madzi, ndiye ikachoka madzi ena amangozungulira mu injini osadutsa mu radiyeta. Thirani coolant yofiira yosakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera othira m'batire (distilled water), osati asidi. Madzi a pa mjigo ayi, mchere wake umatseka timapaipi ta radiyeta.

Fani muiyese chonchi: injini itatentha bwino, izimitseni, kenaka kankhani fani ndi dzanja. Ikazungulira mopepuka ngati kamphero ka ana, oyilo wa silikoni wa m'kati mwake watha. Imamasuka ndi masikuluu, mumathiramo silikoni wa 10,000 cSt, kapena kungogula ina. Fani yabwino imamveka kubangula injini ikatentha pa chitunda.

Poti yanu ndi otomatiki, dziwani kuti oyilo wa giyabokosi amadutsa m'thanki ya pansi ya radiyeta. Kapaipi ka m'katimo kakadyeka, madzi ndi oyilo zimasakanikirana n'kuoneka ngati yogati wa pinki, ndipo giyabokosi imathera pomwepo. Radiyeta yatsopano imachotsa nkhawa imeneyi. Onjezeraninso karadiyeta kapadera koziziritsa oyilo wa giya kutsogolo. Ikani geji ya manambala yoyeza kutentha kwa madzi, sensa yake pa paipi ya pamwamba. Ikafika madigiri 105, imani pambali, injini musaizimitse, isiyeni ilire pang'onopang'ono mpaka itsike. Timing belt ngati simukudziwa tsiku lomwe inasinthidwa, sinthani pamodzi ndi tensioner, kenaka muziwerenga makilomita 100,000.

Matenda achiwiri ndi ma ball joint a pansi akutsogolo, mfundo zolumikiza tayala ku mkono wake. Pa Prado 90 ndi 95, komanso Hilux Surf 185, kulemera kwa galimoto kumakoka ball joint m'malo moikanikiza. Ikadyeka imazuka m'chisa chake, tayala limapindikira m'madigadi, n'kuthyola shafiti ndi paipi ya mabuleki nthawi yomweyo. Zizindikiro zake ndi chiwongolero kuuma kapena kusabwerera chokha mukatuluka pa kona, ndi kulira kwa kwii pa mabampu, koma nthawi zina siichenjeza n'komwe. Sinthani mbali zonse ziwiri, za Toyota, pamodzi ndi mabawuti anayi atsopano mbali iliyonse, opaka Loctite ndi kumangidwa ndi torque wrench. Za m'mabokosi opanda dzina zisiyeni pa shelefu. Muli pansi pomwepo, onani ma bush a rack, ma tie rod end ndi labala ya ma CV (mfundo za mashafiti ozunguza matayala akutsogolo).

Mai_Dizilo

Zimene anena a Sipanala17 ndizo zoyamba. Zikatha, ndalama ipite ku matayala, osati ku masipuling'i. Chimene chimagunda mwala pansi ndi difu ya kumbuyo, chibokosi cha magiya chili pakati pa ekiselo, ndipo difu siikwera ngakhale mutakweza bodi kufika kudenga. Imakwezedwa ndi tayala basi.

Masamu ake ndi awa. 265/70R16 ndi lalitali mamilimita 777. 265/75R16 ndi 804, kutanthauza kuti difu yakwera ndi mamilimita 13, ndipo nthawi zambiri limalowa pa malimu omwe muli nawowo, mwina kungodula pang'ono labala yotchinga matope. Sipidomita ikamaonetsa 100 mumakhala mukuthamanga 103, muzikumbukira poyandikira a kamera. La mainchesi 33 lija ndi 285/75R16, mamilimita 834. Limakweza difu ndi 28, koma mtengo wake ndi wowawa: ndi lalikulu ndi 7 peresenti, choncho galimoto imafooka pa chitunda, giyabokosi imangosakasaka giya n'kumatentha, mabuleki amatalika, limakhula mukakhota mpaka kumapeto, ndipo sipeya yolemera chotero imalefula mahinji a chitseko cha kumbuyo. Injini yoopa kutentha ngati 1KZ simuipatsa katundu wotere. Difu ya kutsogolo ndi ya mainchesi 7.5 okha, nayonso sikondwa ndi matayala akuluakulu.

Gulani matayala olembedwa LT (Light Truck), a mbali zolimba, asanu ofanana. Galimoto iyi imakoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse, ndiye kusakaniza masaizi kumavutitsa difu ya pakati.

Za mainchesi anayi muiwale. Kutsogolo kulibe ekiselo yathunthu ngati ya Land Cruiser 80, tayala lililonse lili ndi mikono yake. Mukapitirira mamilimita 50, ma CV amagwira ntchito atapendekeka kwambiri, labala yake imang'ambika, girizi amamwazika, fumbi limalowa, ndipo posakhalitsa mumamva kha kha kha pokhota. Mkono wa pamwamba umayambanso kugunda sipuling'i, ndipo tayala limasowa mpata wotsikira m'dzenje, ndiye limangolendewera m'malere pomwe likanagwira pansi. Mamilimita 40 mpaka 50 ndi okwana. Pa makilomita 240,000 masipuling'i anu anafwamphuka kale, moti atsopano okha adzaoneka ngati mwakweza kwambiri.

Gulani masipuling'i ndi mashoko ngati seti imodzi, monga za Old Man Emu, Ironman 4x4 kapena Dobinsons. Sankhani malinga ndi katundu amene amakhala m'galimoto masiku onse. Masipuling'i a katundu wolemera pa galimoto yopanda kanthu amakuswani msana pa timabampu tondondozana ngati malata, ndipo kumbuyo kumavina. Ma spacer, zosanjikiza pamwamba pa sipuling'i kuti galimoto ikwere, ndi otchipa koma sawonjezera kalikonse pa kayendedwe ka tayala. Ngati mwaumirira, dziwani kuti ya mamilimita 25 kutsogolo imakweza kupitirira 25, chifukwa shoko inamangidwa chapakati pa mkono.

Mukakweza pali zotsatira zake. Mabawuti a ma bush amangidwe galimoto itaponda pansi, osati ili pa jeke, kupanda kutero labala imapotoka n'kung'ambika msanga. Nyamulani chasisi mpaka ekiselo ya kumbuyo ilendewere, muone ngati paipi ya mabuleki yakungika. Ngati yakungika, ikani yaitali. Ngati yanu ili ndi valavu ya mabuleki yokhala ndi kandodo kopita pa ekiselo, kwezani bulaketi yake ndi muyezo womwe mwakwezera galimoto, apo ayi imaganiza kuti galimoto ilibe katundu n'kuchepetsa mabuleki a kumbuyo. Pomaliza, alignment.

Mpweya: pa msewu wa dothi 1.8 bar, pa miyala 1.5, mu mchenga 1.1 kapena 1.2 koma osakhota mwamphamvu chifukwa tayala limavuka pa limu. Mukabwerera pa tala popani nthawi yomweyo, choncho kompulesa yolumikiza pa batire ikhale m'galimoto.

Chikwawa4x4

Amayi afotokoza bwino, koma sanatchule mtundu wa mapazi a tayala, ndipo apa ndi pomwe anthu amatsutsana. Ambiri adzakuuzani all-terrain. Pa Golodi ndi pa Zomba ndi yabwinodi, ndipo pa tala yonyowa imagwira kuposa mud-terrain. Koma mwatchula dzinja. Mu katondo wonyowa kapena makande, mipata ya all-terrain imadzaza tayala likangozungulira kawiri, limasanduka losalala ngati mbale, galimoto n'kumatsetserekera m'ngalande. Mud-terrain imataya matope yokha. Malipiro ake ndi phokoso, dizilo wochulukirapo ndi kutha msanga. Ngati maulendo a m'matope ndi awiri kapena atatu pa chaka, tengani all-terrain ya mano akuluakulu, ndipo mvula ikagwa dikirani maola awiri kuti msewu uyambe wauma.

Kandodo kakang'ono ka pambali pa giya kali ndi H, HL, N ndi LL. Pa H difu ya pakati ndi yomasuka, ndiye tayala limodzi likataya pansi galimoto yonse imaima. Mukasiya tala n'kulowa poterera, ikani HL, yomwe imatseka difu ya pakatiyo. Pokwera ndi potsika zitunda zoopsa ikani LL, giya yokwawa ya mphamvu imene imatsekanso difuyo, mutaima ndipo giya yaikulu ili pa N. LL imathandizanso kuti oyilo wa otomatiki asatenthe, ndipo potsika muike L kuti injini igwire galimoto, mabuleki apume. Pa makona othina a konkire kapena pa tala bwererani pa H. Mukaiwala, chiwongolero chimalemera, matayala amalira, mashafiti amapotana.

Tsopano madzi. Pamwamba pa ekiselo ya kumbuyo pali kachipewa kopumira. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umachepa, n'kuyamwa madzi kudzera pa kachipewako kapena m'masili. Oyilo amasanduka ngati tiyi wamkaka, mabering'i n'kudyeka mwakachetechete. Kachipewako kakatsekeka ndi matope, oyilo amatulukira pa sili ya ekiselo n'kunyowetsa mabuleki. Mankhwala ake ndi otchipa kuposa china chilichonse pano: chotsani kachipewa, ikani nipo, lumikizani paipi ya mafuta ya mamilimita 6, iyende m'mbali mwa chasisi mpaka pamwamba m'chipinda cha injini, kumapeto muike kasefa ka petulo. Siyani paipi yolendewera pang'ono pa ekiselo kuti isazuke tayala likatsika. Onaninso zopumira za difu ya kutsogolo ndi transfer, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaoloka madzi akuya, popani girizi m'manipo onse a propshaft.

Snorkel, paipi yokweza polowera mpweya wa injini mpaka kudenga, ndi ya phindu pa dizilo, chifukwa madzi ochepa chabe mu silinda amapinda con rod, ndodo ya pisitoni. Koma molumikizira monse mumatidwe ndi silikoni. Poyesa, tsekani pamwamba ndi kathabwa injini ikulira: iyenera kuzima. Ikapitiriza, ikuba mpweya penapake, ndipo madzi adzalowera pomwepo. Mtsinje uliwonse muyambe mwauyenda ndi ndodo, kupatula kumene kuli ng'ona. Madzi othamanga opitirira m'mawondo, bwererani.

Pansi pa injini ndi radiyeta ikani chitsulo cha mamilimita 3 kapena aluminiyamu ya 6. Owotcherera athu amazipanga bwinobwino, koma muwauze asiye bowo lotsitsira oyilo ndi mabowo otulukira matope, ndipo zimangidwe ndi mabawuti, asawotcherere pa chasisi. Masitepe a m'mbali aja chotsani, mwala ukawagunda amapindikira m'zitseko.

Wakumpoto95

Zikomo kwambiri nonse, zamveka. Nanga winchi ndi bampala yachitsulo zibwere liti? Ndipo timbedza tili pansi kutsogolo tingakokere galimoto ikatitimira?

Sipanala17

Timphete topyapyala ta pansi ndi tomangira galimoto mu sitima ya pamadzi, si tokokera m'matope. Chokokera chenicheni ndi chitsulo chokhuthala chomangidwa pa chasisi ndi mabawuti olimba, a giredi 8.8 kapena kuposa. Ikani ziwiri kutsogolo kuti muzigawa mphamvu mbali zonse. Kumbuyo, mpira wokokera ngolo musadzakolekepo chingwe ngakhale tsiku limodzi. Ukathyoka umauluka ngati chipolopolo kulunjika pa galasi la galimoto inayo, ndipo anthu afapo nazo zimenezi.

Zoyenda nazo: chingwe chotamuka cha makilogalamu 8,000, chotalika mamita 9, mashako (zitsulo zokolekera chingwe) awiri odindidwa matani 4.75, fosholo, chikwanje, thabwa lokhuthala loponderapo jeke, ndi zomatira tayala. Pokoka, yambani mwafukula kutsogolo kwa matayala onse anayi ndi pansi pa difu, phwetsani matayala, yalani chiguduli chonyowa pakati pa chingwe, ndipo oonerera, makamaka ana amene amathamangira kudzaona, aime kutali kuposa kutalika kwa chingwecho.

Winchi ibwere kumapeto, ndipo pokhapokha ngati muziyenda galimoto imodzi. Prado yodzaza imalemera pafupifupi matani 2.7, ndiye winchi yake ndi ya mapaundi 9,000 kapena 9,500. Pamodzi ndi bampala yachitsulo mwaika katundu wolemera ngati munthu wamkulu pa mphuno penipeni, choncho muganize zimenezi musanagule masipuling'i akutsogolo, mungadzagule kawiri. Bampala isatseke mphepo ya radiyeta, ndipo malaiti akuluakulu asakhale pakati pa gililo. Dziwaninso kuti pamwamba pa Nyika ndi udzu wokhawokha mtunda wautali, mtengo womangapo winchi umasowa. Kumeneko chothandiza ndi galimoto yachiwiri, kapena kukwirira sipeya m'dzenje lakuya n'kukokerapo.

Musanagule loka ya difu, yomwe imachititsa matayala onse awiri a kumbuyo kukoka pamodzi, yang'anani pafupi ndi chiwongolero ngati pali kabatani kolembedwa RR DIFF LOCK. Zina zinabwera nayo, kungoti mota yake imauma chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, ndipo imafuna kumasula, kutsuka ndi kupaka girizi. Dizilo dzadzani pa Rumphi, ndipo nyamulani sefa ya dizilo yapadera ndi sipanala yake.