Laser ya diode siikukhazikika poyeza rubidium: kodi ndiyambire pati?

Nyenyezi780:
Moni nonse. Ndangoyamba kumene ntchito ya kafukufuku wa fizikisi, ndipo ndapatsidwa udindo wokonza laser ya diode yoti tiziyezera mzere wa D2 wa rubidium (kuwala kumene maatomu a chitsulochi amayamwa) pa 780 nm. Laser ikuyaka bwino, koma frequency yake imatsetsereka pang'onopang'ono kenako n'kudumphira pa mode ina (imodzi mwa ma frequency amene laser imatha kuyakira), moti mizere imene ndikufuna kuiona imasowa. Kodi ndiyambe ndi kutentha, magetsi, kapena grating (kagalasi ka timikwasa kamene kamabweza kuwala mu diode n'kusankha frequency)?

MkuluWaLabu:
Yambani ndi kutentha. Diode imasintha frequency ikangotentha kapena kuzizira pang'ono chabe, choncho thermistor (kachipangizo koyezera kutentha) ikhale pafupi kwambiri ndi diodeyo, Peltier (kachipangizo kotenthetsa kapena kuziziritsa) igwire bwino chitsulo chimene diode yakhalapo, ndipo zonse zitsekeredwe m'bokosi kuti mphepo ya m'chipinda isaziwombe. Kudumphako nthawi zambiri kumabwera pamene piezo (kachipangizo kamene kamafutukuka kakalandira magetsi) ikusuntha grating koma mode ya m'kati mwa diode yatsalira m'mbuyo. Ngati mwaika grating mwa njira ya Littrow (yobweza gawo la kuwala molunjika mu diode), konzani kuti magetsi olowa mu diode azisintha limodzi ndi piezo, ndipo mudzatha kusintha frequency kwambiri laser isanadumphe.

Kuwala_Kofiira:
Ndikugwirizana nawo akuluwa, koma musanamasule chilichonse onani ngati kuwala sikukubwerera mu diode kuchokera pa magalasi. Kuwala kochepa kwambiri kobwerera kumasokoneza laser yonse. Ikani isolator ya Faraday, imene imalola kuwala kupita mbali imodzi yokha, ndipo mupendeketse pang'ono kabotolo ka rubidium. Chonde muzivalanso magalasi oteteza maso, chifukwa kuwala kwa 780 nm kumaoneka kofooka m'maso pamene mphamvu yake ndi yokwanira kuwononga diso.

MkuluWaLabu:
Zimenezo ndi zoona. Zikatheka, muimangirire laser pa mzere wa atomu weniweniwo kudzera mu saturated absorption, njira yodutsitsa kuwala m'kabotolo ka rubidium kuchokera mbali ziwiri zoyang'anizana. Pa kutentha kwa m'chipinda, kuyenda kwa maatomu kumakulitsa mzerewo kufika pafupifupi 500 MHz, pamene kukula kwake kwachibadwa ndi pafupifupi 6 MHz, ndipo kuwala kuwiri koyang'anizanako, kwa pump (kwamphamvu) ndi kwa probe (kofooka, koyezera), ndi kumene kumaonetsa timizere tating'ono tobisika m'kati mwa mzere waukuluwo. Njira ina yokhazikitsira laser, ya Pound, Drever ndi Hall ya mu 1983, ndi yamphamvu, koma imafuna cavity (magalasi oyang'anizana obwezerana kuwala) yokhazikika, ndipo sindikuona kuti mukuifuna panopa.

Nyenyezi780:
Zikomo kwambiri nonse. Isolator ilipo kale, koma bokosi lilibe chivundikiro, ndiye ndiyambira pamenepo. Kodi kuwala kwa pump kuzikhala kwamphamvu motani poyerekeza ndi kwa probe kuti timizereto tisafutukuke?