Kochi wathu wa ntchemberembaye: tiitanitse bwalo kapena tipite kupolisi?

Membala wosadziwika: Abale anga, ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi wa komiti ya timu ya atsikana m'dera lathu, ndipo ena mwa osewera adandaula kuti kochi amawachita zosayenera tikapita kokasewera kutali. Kochiyu ndi yemwe anadya ndalama za yunifolomu chaka chatha, komanso ndi mlamu wawo wa apampando, omwe anasiya kundipatsa moni kuyambira tsiku limene ndinafunsa malisiti a minibasi. Mayi wina wa bungwe loona za achinyamata watilangiza kuti tisangomuchotsa, koma tiitanitse bwalo loti atsikanawo anene zomwe akufuna, iye avomere kulakwa, kenako tisinthe kayendetsedwe ka timu. Kodi njira imeneyi imathandiza, kapena tikhala tikumubisa?

Mphunzitsi Wopuma: Mayi, bwalo lake liti? Ku America dokotala Larry Nassar anazunza atsikana amasewera kwa zaka zambiri chifukwa akuluakulu ankamva madandaulo n'kuwakhalira. Amayi ndi atsikana oposa 150 analankhuladi mu 2018, koma analankhulira m'khoti pamaso pa woweruza Rosemarie Aquilina, yemwe anamulamula kukhala m'ndende zaka 40 mpaka 175. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi lero lomwe.

Achemwali a ku Joni: Bambo, nkhani imeneyo mwainena theka. Nassar atamangidwa, atsikanawo anapitiriza kulimbana ndi bungwe la USA Gymnastics, lomwe iye ankaligwirira ntchito, ndipo mu 2021 panagwirizanidwa chipukuta misozi cha madola 380 miliyoni, chifukwa vuto silinali munthu mmodzi. Njira imene mayi wa bungwe uja akunena imafunsa chifukwa chake bambo mmodzi amasankha yekha osewera, amasunga yekha ndalama za ulendo, ndiponso amagona pamalo amodzi ndi atsikana popanda mayi wamkulu. Mukachotsa kochi n'kusiya zimenezo, wina adzabwera n'kuchita zomwezo. Koma mtsikana asakakamizidwe kukhala moyang'anizana ndi womuzunza.

Mphunzitsi Wopuma: Achemwali, zimenezo ndi zam'mabuku. Bwalo loyendetsedwa ndi apampando omwe ndi mlamu wake wa wolakwayo lidzathera pa kugwirana chanza ndi pemphero. Ngakhale mabungwe akuluakulu sindiwadalira, chifukwa FIFA inaletsa Yves Jean-Bart, yemwe anali mtsogoleri wa bungwe la mpira ku Haiti, mu 2020 kuti asadzayendetsenso mpira moyo wake wonse pa mlandu wochitira nkhanza zogonana atsikana osewera, koma khoti la zamasewera linachotsa chiletsocho mu 2023.

Goloboyi Wakale: Ife kochi wathu ankatigwaditsa pamiyala tikagonja, ndipo mpaka lero bondo langa limauza mvula isanagwe. Palibe amene anatiitanira bwalo, ndiye mukaitanitsa lanulo mundisungireko mpando.

Achemwali a ku Joni: Achimwene, muzisankha poseka. Ndipo inu aphunzitsi, khoti limafuna umboni, ndiye atsikana akaopa kuchitira umboni muwasiya choncho?

Namwino wa Usiku: Mayi, simunatiuze zinthu ziwiri zimene zingatithandize kukuyankhani. Atsikanawa ali ndi zaka zingati, ndipo zosayenerazo ndi kutukwana, kumenya kapena kuwagwira thupi? Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino amati wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ngati ndi nkhanza zogonana, komiti ilibe mphamvu yozithetsa pakhomo. Imbani 116, nambala yothandiza ana, ndipo padakali pano kochiyo asapite nawo paulendo uliwonse. Kusintha malamulo a timu mungathe kuchita nkhani ili kupolisi.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Ndaiwala kunena kuti akazi awo a apampando ndi omwe amagulitsa zitumbuwa pabwalo lathu osapereka kalikonse ku thumba la timu, ndipo ndikangolankhula akuti ndikufuna mpando.

Namwino wa Usiku: Mayi, ndafunsa za zaka za atsikanawo.

Mphunzitsi Wopuma: Kaya ali ndi zaka zingati, ine ndanena kale kuti kupolisi. Ndinaphunzitsa nthawi yaitali, ndipo makomiti oterewa ndimawadziwa kuposa nonsenu.