Impeller yatsopano koma jeti ski ikungokuwa osanyamuka, vuto ndi pitch kapena pampu?

Mkokomo159:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo apa. Ndili ndi jeti ski (njinga yamoto yoyenda pamadzi) ya 4-stroke ya supercharger, pampu yake ndi ya 159mm yokhala ndi wear ring ya pulasitiki ija, mkombero womwe impeller (chamapiko chokankha madzi mu pampu) imazungulira mkati mwake. Ndikaima kenako nkufinya throttle yonse kamodzi injini imakuwa zedi, ma rev kukwera mpaka kukagunda limiter, malire omwe injini simalola ma rev kupyola, koma chinthucho osanyamuka, kumbuyo thovu lokhalokha, papite kaye masekondi angapo ndi pomwe imagwira madzi nkuyamba kupita. Tikakwera awiri ndiye zimachita kunyanya. Wina anandiuza kuti impeller yobwera nayo pitch yake, kupendekeka kwa ma blade, ndi yochepa ndiye ndinaika ina ya pitch yokwererapo, koma ponyamuka ikutererabe chimodzimodzi, ndipo ma rev omwe ankafika cha m'ma 8000 pano akuthera pa 7500 basi, liwiro latsikanso. Ndiye ndipange bwanji, ndikulitse nozzle yotulukira madzi, ndipinditse ma blade kapena ndigule intake grate, zitsulo zotchinga polowera madzi pansi paja?

Sipanala10:
Achimwene musagule kalikonse kaye. Muli ndi mavuto awiri osiyana ndipo lachiwirilo labwera ndi impeller yatsopanoyo. Kuterera kwa ponyamukako ndi cavitation, pampu sikugwira madzi mokwanira, zili ngati galimoto yoti clutch yatha, injini kulira koma matayala osalandira mphamvu. Ndiye pampu yoti ikutaya kale madzi kaya muikemo impeller yodula bwanji palibe chisinthe.

Yambani ndi gap ya pakati pa nsonga ya blade ndi wear ring. Ikani pa trailer, chotsani lanyard (kachingwe ka kiyi kozimitsira injini) komanso waya wa batire musanalowetse dzanja mmenemo, muunike ndi tochi kuchokera ku nozzle. Mukaona mizere yakuya pa ring yomwe miyala ndi mchenga zinakanda, kapena kuwala kukudutsa kwambiri mmbali mwa ma blade, ndi pomwepo. Koma maso amanama, tengani feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mpata) muyeze blade iliyonse payokha chapakati pake. Pa ma Sea-Doo a injini ya 4-TEC buku limati gap isapose 0.35mm, ma Yamaha ambiri malire ndi 0.6mm, inu muone buku la yanuyo. Anthu amadabwa kuti kampata kosakwana 1mm kangachite chani, komatu madzi omwe impeller yawapanikiza kumbuyo amabwerera kutsogolo kudzera pomwepo mmalo motulukira ku nozzle, ndipo zimaonekera kwambiri ponyamuka chifukwa nthawi imeneyo palibe liwiro lokankhira madzi mu intake, pampu ikuchita kudziyamwira yokha.

Bola ring yanu ndi ya pulasitiki, mumangodula yakaleyo nkulowetsa ina, ena amayamba aiika mu firiji kuti inyale pang'ono isavute kulowa. Za chitsulo zomwe zimakhala mkati mwa housing ya aluminiyamu zija zikamayenda m'madzi amchere zimatupa ndi dzimbiri la pansi pake mpaka kumakhula impeller. Pampu ikadali panja muonenso ma vane a stator (mapiko osazungulira a kumbuyo kwa impeller owongola madzi) ngati sanabenthuke, ndipo mugwedeze impeller ndi dzanja, ikamagwedera ndiye kuti ma bearing apita ndipo ring yatsopanoyo idyekanso pompopompo.

Namondwe:
Zoona a Sipanala koma mwasiya mpweya. Ine zomwe ndaona pa makina otere, ring ikhoza kukhala bwinobwino koma pampu nkumayamwa mpweya kuchokera mkati mwa hull, thupi la jeti ski. Ngati yanuyo ili ndi carbon seal pa driveshaft monga mmene ma Sea-Doo amakhalira, pali labala wa makwinya amene amakankhira ring ya carbon pa kachitsulo kosalala, labalayo akatopa kapena carbon ikadyeka mbali imodzi mukangofinya throttle pampu imakoka mpweya pamenepo. Yang'anani ngati pali fumbi lakuda mozungulira komanso ngati mu hull mukumalowa madzi mukaisiya payandama. Chimapha seal imeneyi ndi kuliza injini nthawi yaitali pamtunda ndi madzi a hose chifukwa imazizira ndi madzi a panyanja pomwe, ndipo ikadyeka mbali imodzi muonetsenso alignment ya injini. Kwinanso ndi silicone wa mozungulira intake ndi ride plate (chitsulo chafulati cha pansi kumbuyo), akasweka mpweya umalowa. Ndipo musaseke, kapepala ka pulasitiki kapena kachingwe kokulunga pa shaft kamachita zomwezi, yambani mwasuzumira pansipo.

Mkokomo159:
Ndayeza madzulo ano. Gauge ya 0.8mm ikulowa mosavuta pa ma blade onse ndipo ring ili ndi mzere umodzi wakuya woti chikhadabo chikukodwamo. Carbon ikuoneka yabwino, mu hull ndi mouma. Ndiye ndikasintha ring ndisiye impeller yatsopanoyi eti? Ndalama zinapita kale apa.

Kafadala:
Ine ndingati isiyeni, ingokulitsani nozzle ndi 1mm kapena 2mm ma rev abwerera. Nozzle yotakasuka imapeputsa katundu pa injini ndipo ponyamuka imagwira bwino, yothina imatsitsa ma rev. Muikenso grate ya top loader ija yokhala ndi kaphiko kokankhira madzi chakumtunda kwa pampu, pa mafunde pampu sikhala yopanda madzi.

Sipanala10:
A Kafadala za nozzle simukunama koma 500 rpm ndi yambiri kuti muibweze ndi nozzle yokha, ndipo mukaboola mwaboola simungabwezerenso chitsulocho. Komanso kumbukirani kuti 7500 ija anaipeza ring ili yakutha. Akaika yatsopano pampu iyamba kugwira madzi ambiri, katundu achuluka, ma rev akhoza kutsikanso kuposa apa. Top loader nayonso imadzaza pampu ndiye kawirikawiri imadyako ma rev ndi kaliwiro ka pamwamba pa madzi abata, ndi yabwino kwa oyenda pa mafunde koma si mankhwala a vuto ili.

A Mkokomo, manambala awiri olembedwa pa impeller aja, tinene 13/19, loyamba ndi kupendekeka kwa blade kumene madzi amalowera, lachiwiri ndi kumene amatulukira. Loyamba limakhudza kwambiri kanyamukidwe, lachiwiri ndi lomwe limalamula ma rev a pamwamba. Ndipo 13/19 ya kampani ya Solas si yofanana ndi 13/19 ya kampani ya Skat-Trak, kapangidwe ka blade ndi hub nkosiyana, ndiye osamangoyerekeza manambala. Injini ya supercharger ngati yanuyo mphamvu zake zili chakumtunda kwenikweni, boost (mpweya womwe supercharger imakankhira mu injini) imakwera limodzi ndi ma rev, mukaipanikiza pa 7500 mwaichotsera boost, nchifukwa chake liwiro latsika ngakhale pitch yakwera. Pitch yaikulu imafuna injini yoti yawonjezeredwa mphamvu, yanuyo simunaikhudze.

Ndikanakhala ine ndikanaika ring yatsopano nkubwezeramo impeller yakale ija ngati mmphepete mwake simunapindike, tizibenthu tating'ono mukhoza kusalaza ndi fayilo koma osakhudza nsonga zoyang'ana ku ring. Kenako kayeseni pa madzi abata, mafuta ofanana, munthu mmodzi, trim (kupendeka kwa nozzle) malo amodzi, mupite ndi kubwerera, liwiro muwerenge pa GPS osati pa dashboard chifukwa imakonda kukometsa. Mulembenso mmene kunatenthera tsikulo poti kukatentha ma rev amatsika okha. Ikamakhala pang'ono pansi pa limiter osagunda ndiye kuti pitch ili bwino. Ikamagunda limiter ndi pomwe yatsopanoyo ingagwire ntchito, muitumize kwa odziwa kupinda achepetse mbali yotulukira madzi pang'onopang'ono, osati ndi pulayala pakhomo chifukwa ma blade akasiyana imanjenjemera nkupha ma bearing.

Namondwe:
Ndipo ring yatsopanoyo musakailizire pa madzi osaya, buku la Sea-Doo limati pakhale 90cm pansi pa hull. Mzere wakuya mwaupezawo ndi mwala umenewo. Mukamabwezera pampu mupake girisi pa ma spline (mano) a shaft.