Andipeza ndi CRP yokwera, kodi ndi matenda anji?

Mayi wa ana atatu: Abale ndithandizeni, tulo sindikulipeza. Ndinapita kukayezetsa BP chifukwa mutu umandiwawa, adokotala anati tiyezenso magazi. Akuti CRP yakwera, shuga wayambanso kukwera, ndiye ndichepetse thupi. Anandiuza mothamanga, chikhalirecho ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa osadya kanthu. Kunyumba apongozi akuti kunenepa ndi umboni woti mwana wawo akundisamala. Bambo akunyumba akuti ndangotaya ndalama. Mlamu wanga, amene amadya kwathu tsiku ndi tsiku osagula ngakhale mchere, ndiye akungoseka. Ndili ndi zaka 41. Kodi ndi khansa?

Achimwene a ku Joni: Mayi musavutike, vuto ndi ufa woyera ndi mafuta ophikira basi! Agogo athu ankadya mgaiwa ndi nkhwani zotendera, ndani anamvapo za CRP? Lero tchipisi m'mawa, zakumwa zotsekemera masana. Tikudzipha tokha!

Namwino wopuma: Amayi, nambala yake ndi chani? Ndipo poyezetsapo munkadwala china chilichonse? CRP si matenda. Ndi puloteni imene chiwindi chimapanga pakakhala kutupa m'thupi. Malungo, TB, chibayo ngakhale dzino lobooka likatupa zimaikweza kwambiri. Mafuta a pamimba nawonso amatulutsa zinthu ngati IL-6 zimene zimauza chiwindi kupanga CRP, koma apo imakwera pang'ono ndipo imakhalitsa. Pa hs-CRP, kuyeza kumene kumaona CRP ngakhale yochepa kwambiri, pansi pa 1 mg/L chiopsezo cha matenda a mtima n'chochepa, kupitirira 3 n'chachikulu. Ikapitirira 10 timayamba taganiza za matenda ena, n'kuyezanso pakatha masabata awiri. Payokha siuza munthu kuti ali ndi khansa.

Nachisale: Amuna anga ankanenanso kuti mimba ndi ulemu. Sitiroko inawagwira akusamba, mpaka pano mkono wamanja sugwira, ndimawamangira ndine mabatani a malaya. Achibale awo palibe amabwera. Musamvere apongoziwo.

Mlongo wa zitsamba: Ndili ndi tiyi wotsuka magazi, sabata imodzi zonse zatha. Bwerani ku inbox.

Achimwene a ku Joni: Mwayamba kubera anthu odwala! Magazi si mbale yoti muzitsuka. Mgaiwa basi. Ine ndinasiya ufa woyera, thalauza la ukwati likundikwana.

Mnyamata wa kabaza: Bwerani ndikubwerekeni njinga mayi, Chilomoni mpaka Limbe, CRP ithawa yokha.

Aphunzitsi: Achimwene, mgaiwa ndi wabwino koma mitanda inayi ya mgaiwa ndi chakudya chambiri ndithu. Nkhani ndi kuchuluka kwake.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi inu mumangotsutsa chilichonse. Amene amalima amadya mitanda isanu osanenepa!

Aphunzitsi: Chifukwa amalima. Mwanena nokha.

Namwino wopuma: Amayi, tengani tepi ya telala muyeze mimba cha pamchombo. Kwa amayi malire ake ndi 80 cm, kwa abambo 94 cm. Onaninso papepalapo: BP ya 130/85 kapena kuposa, shuga wa m'mawa musanadye wa 5.6 mmol/L kupita m'mwamba, triglycerides (mafuta a m'magazi) kuyambira 1.7, HDL (cholesterol yabwino) yosafika 1.3. Zikakumana zitatu mwa zisanuzi, kuwerengera ndi mimba ija, ndiye amati metabolic syndrome, njira yopita ku matenda a shuga ndi a mtima. Kutsitsa thupi ndi 5 mpaka 10 peresenti ndi kuyenda ndawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata kumathandiza, CRP nayo imatsika. Ngati mumamwa mapiritsi akulera muwauze adokotala, ena amaikweza.

Mayi wa ana atatu: Zikomo nonse. Nachisale pepani kwambiri, Mulungu akupatseni mphamvu. Apongozi ndawawerengera zonsezi, akuti anthu a pa Facebook ndi ansanje. Mgaiwa ana anga amakana, ndiye ndiziphika miphika iwiri ndi makala odulawa?

Achimwene a ku Joni: Ana sakana chakudya, mukuwalekerera! Akagona ndi njala kamodzi adya.

Namwino wopuma: Amayi, nambala ija. Ndipo masabata apitawa munadwalako malungo kapena chifuwa?