Kodi woyenda ndawala tsiku lililonse afunika tsiku lopuma?

Wa ku Area 25: Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu wa zaka za m'ma 40 amene amayenda ndawala mphindi 40 m'mawa uliwonse, kodi azidumphitsa masiku ena ngati mmene amachitira onyamula zitsulo? Ena akuti kuyenda osapumira kumatha mawondo.

Wophunzitsa masewera: Ngati muli bwinobwino ndipo thupi linazolowera kale, ayi. Onyamula zitsulo amapumitsa minofu pafupifupi maola 48 chifukwa imang'ambika pang'ono m'kati ndipo imafuna nthawi kuti ipole. Kuyenda sikuipweteka chotero, tulo tokwanira ndi chakudya basi zimakonza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi 150 mpaka 300 zolimbitsa thupi ngati ndawala pa sabata. Zanuzo zikukwana 280, ndiye simunapyole. Ndawala yeniyeni ndi masitepe pafupifupi 100 pa mphindi: kuyankhula mukutha, koma kuyimba kukukanika. Za mawondozo musade nazo nkhawa, kuyenda kumalimbitsa minofu imene imagwira bondo.

Wa zamafizo: Ndikugwirizana nazo, koma woyamba kumene asatengere zimenezi. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene misongolo, akakolo ndi kunsi kwa phazi zimachedwa. Apa m'pamene ambiri amavulalira: akaona kuti befu watha, amawonjezera mtunda ndi liwiro nthawi imodzi. Yambani ndi mphindi 15 kapena 20, tsiku loyenda, tsiku lopuma, kwa masabata awiri kapena atatu. Kenako muziwonjezera mphindi 5 pa sabata, liwiro libwere pambuyo.

Muzisiyanitsanso ululu. Kuphwanya kwa minofu miyendo yonse iwiri, kumene kumakula pakapita tsiku limodzi kapena awiri n'kumachepa mukayamba kuyenda, sikoopsa. Tsiku limenelo yendani mwachifatse mphindi 20. Koma ululu wa malo amodzi oti mutha kuloza ndi chala pamsongolo, chidendene chobaya mukangoponda pansi podzuka, bondo lotupa, kapena kutsimphina, pamenepo imani masiku angapo. Zikapanda kusintha pitani kuchipatala. Kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika ndiye sizodikira ayi, pitani nthawi yomweyo.

Wa ku Kawale: Nthawi zambiri vuto si masiku, ndi nsapato. Za pakaunjika zambiri zimawala pamwamba koma siponji ya m'kati inafa kale. Ikani nsapato patebulo muione kumbuyo: ikapendekeka, chidendene chinadyeka mbali imodzi, isiyeni. Ipindike pa zala, osati pakati. Komanso m'mphepete mwa tala mumakhala motsetsereka, mwendo umodzi umaponda pansi kuposa unzake. Pezani njira yafulati ya dothi masiku ena. Mukakhala pamsewu yendani kudzanja lamanja, galimoto muziziona zikubwera. Mu Okutobala ndi Novembala tulukani dzuwa lisanakwere, botolo la madzi m'manja, chifukwa kutopa kwina kumene anthu amati n'kosowa kupuma kumakhala kwa kutentha.

Namwino: Kwa odwala shuga, kupuma kwambiri ndiye kolakwika. Mphamvu ya kuyenda potsitsa shuga imatha pakapita tsiku limodzi mpaka atatu, choncho asadutse masiku awiri otsatizana osayenda. Azionanso mapazi madzulo aliwonse, pakati pa zala pomwe. Thuza kapena kachilonda kakaoneka, ndawala iyambe yaima mpaka akaonetse kuchipatala. Amene amabaya insulin azitenga switi m'thumba, shuga angatsike ali panjira.