Kodi galimoto ingayende ndi praimala yokha mpaka Disembala?

Akuluakulu a m'gulu muno, ndithandizeni nzeru. Probox yanga yayamba dzimbiri m'munsi mwa zitseko zakumbuyo, ndipo penti ya padenga yachita mbuu ndi dzuwa. Ndalama yopentera yonse kamodzi ndilibe. Mmisiri wanga akuti apale pa dzimbiripo, amate fila, apopere praimala yotuwa ija mu Okutobala muno, penti yeniyeni tidzapopere mu Disembala tikagawana za banki m'khonde. Galimotoyi imagona panja ndipo imanyamula katundu tsiku lililonse. Ndivomere? Chinanso, akufuna kupopera praimala imodzimodziyo pa chitsulo chopalidwa ndi pa penti yakale yomwe. Zimatero?

Wopopera magalimoto, Lilongwe: Bwana, musavomere. Praimala yotuwayo ntchito yake ndi kudzaza mikwingwirima ya sandipepa ndi kugwira penti, osati kutchinga madzi. Imamwa chinyezi ngati chinkhupule, ndipo fila naye amamwa. Mvula ikayamba mu Novembala madzi azilowa mpaka pa chitsulo inu mukuona pamwamba pali bwinobwino. Mukadzapenta mudzangotsekera dzimbiri mkati, pakapita miyezi matuza adzatuluka pomwe panamatidwa fila paja. Ngati palibe kuchitira mwina, gulani epoxy primer, imeneyo ndiye imatseka madzi. Koma ikakhalitsa chonchi muyenera kudzaikwechanso musanapente, apo ayi penti sigwira.

Wa panel beating, Ndirande: Musanakambe za praimala, achimwene, tengani sikuludiraiva mubaye pa dzimbiripo. Dzimbiri la m'munsi mwa chitseko nthawi zambiri limayambira mkati, timabowo totulutsira madzi tikatsekeka ndi matope. Pakabooka, pamenepo mpofunika kudula ndi kuwotcherera chitsulo china. Fila womata pabowo amadzagwa yekha m'misewu yathu ya mabampuyi.

Wopopera uja: Zoona zimenezo. Pa funso lachiwirilo, chitsulo chopanda kanthu chimafuna etch primer kaye, praimala yoluma chitsulo kuti zopopera pamwamba zigwire, kamodzi kokha kopyapyala, kapena epoxy yomwe ija. Koma fila samatidwa pamwamba pa etch, chifukwa muli asidi amene amamulepheretsa kugwira. Ife timapala ndi sandipepa ya P80 (nambala yaing'ono ndi yokhakhala, yaikulu ndi yosalala) mpaka chitsulo chiwale, kumata fila, kumusalaza ndi P80 kenako P180 popanda madzi ngakhale dontho, kupopera etch pomwe chitsulo chikuonekera, ndiye 2K primer pamwamba. Mapraimala ambiri a 2K amasakanizidwa ndi hadena, mankhwala oumitsa, pa 4:1, magawo anayi a praimala limodzi la hadena, koma werengani pa chitini, zimasiyana. Ikauma timawaza penti yakuda pang'ono ngati fumbi nkukwecha ndi P400 kapena P600 pa kathabwa. Pomwe kudako kwatsalira, pamenepo pali kadzenje. Amisiri ambiri apa amalumpha pothamangira ndalama, nchifukwa chake mumaona zitseko zokhala ndi mafunde dzuwa likawomba cham'mbali.

Mwini funso: Zikomo akuluakulu. Nanga dengalo tipale lonse mpaka pa chitsulo?

Wopopera uja: Ayi, bola ngati lilibe dzimbiri. Kwechani ndi P320 mpaka yofumbutukayo ichoke, yolimba itsale. Pukutani ndi degreaser, mankhwala ochotsa mafuta, musanakweche ndiponso mukamaliza. Polishi wa pa dashibodi asayandikire, silikoni wake amachititsa timaso pa penti. Muuzeninso mmisiri wanu atulutse madzi mu kompulesa m'mawa uliwonse, mwezi wa chinyezi thanki imadzaza msanga.

Mayi wina, Mzuzu: Ine ndikuona kuti ndalama muli nayoyo mumalizire zitseko ziwirizo mpaka penti, denga lidikire Disembala ndi penti yake yakaleyo osalikhudza. Ndipo mmisiriyo mumufunse ngati ali ndi masiki ya mankhwala. Hadena wa 2K amawononga mapapo, kansalu kapakamwa sikathandiza.

Mwini funso: Mayi, za zitseko zokhazo ndazimva. Koma penti yoyera yatsopano siidzasiyana ndi yakaleyo? Nambala ya penti ndiipeza pati pa Probox?