Lachinayi lathu lasanduka tsiku la ufa, titani?

Nachisale wa ku Dwangwa:
Abale mwa Ambuye, ndithandizeni nzeru. Madzi atasefukira kuno mu 2024, tchalitchi chathu chinasanduka msasa. Mabanja ankagona pamabenchi, ife amayi tikuphika phala m'migolo yodula pakati. Madzi anaphwa koma njala sinachoke. Lachinayi, tsiku lomwe tinkaphunzira Mawu, pano timangoyeza ufa m'mbale, kulemba maina ndi kuweruza milandu ya amene adumphidwa. Sabata yatha ndinafunsa mtsikana wa kalasi ya ubatizo chifukwa chimene Yesu anafera. Anangoyang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala chakuphazi, chonsecho tsiku lobwera ufa amalidziwa bwino. Usiku umenewo tulo sindinatione. Akulu ampingo ena akuti tisiye, mpingo si bungwe lachithandizo. Koma agogo amene nyumba yawo inapita ndi madzi ndiwabweze ndi pakamwa pati?

Mkulu wampingo, Chipoka:
Mayi, werengani Machitidwe 6. Atumwi anakana kusiya Mawu kuti azigawa chakudya, komabe amasiye sanagone ndi njala: anasankha amuna 7, mmodzi wa iwo Stefano. Vuto lanu n'loti wophunzitsa ndi wogawa ndi munthu yemweyo, tsiku lomwelo. Ufa upite Lachiwiri, augwire ena.

Aphunzitsi a ku Linga:
Ndikuvomereza, bambo, koma mawu oti "si bungwe" akundiwawa. Amishoni atafika ku Mvera mu 1889 anatsegulanso sukulu, ndipo chipatala cha Nkhoma chinachokera mu ntchito yomweyo ya uthenga wabwino. Ngakhale pamsonkhano wa atsogoleri achikhristu ku Lausanne, m'dziko la Switzerland, mu 1974, womwe anaitanitsa mlaliki Billy Graham, anagwirizana kuti kulalikira ndi kusamala ovutika zonse ndi udindo wa Mkhristu, ngakhale anati kulalikira n'koyamba. Changa n'chimodzi, mayi: kuno ku Nkhotakota timakhala ndi Asilamu khomo ndi khomo. Ufa usakhale nyambo. Munthu akabatizidwa chifukwa cha thumba, thumba likatha nayenso amapita.

Nachisale wa ku Dwangwa:
Zikomo nonse. Pamndandanda pathu Asilamu alipo, ndipo sitinawafunsepo za ubatizo. Za Lachiwiri ndikawauza abusa Loweruka. Mtsikana uja ndamuitana abwere kwathu mawa madzulo, tidzayambire pa Yohane 3 tikusadzula nkhwani.